Epson LX-300+ pa Debian 12: mmene ntchito ikuyendera

Loweruka

Pulinta iyi ndi ya singano 9, yosindikiza ndi riboni, ndipo ikulumikizidwa pa port ya mabowo 25 kumbuyo kwa kompyuta. CUPS, pulogalamu yoyendetsa zosindikiza pa Linux, inalandira tsamba loyesera koma pulinta inangokhala zii. Apa kulimbana ndi CUPS n'kutaya nthawi, chifukwa ili pamwamba penipeni: imadalira pulinta, chingwe ndi kernel. Zonse zapansi pake ziyenera kutsimikizika kaye.

Pulinta payokha: kuizimitsa, kugwira batani la LF/FF, n'kuyatsa. Inasindikiza mizere yake yoyesera bwinobwino. Mutu ndi riboni zili bwino.

Chingwe chinali ndi vuto. Kumapeto kwake kwa mapini 36, mbali yolowa ku pulinta yotchedwa Centronics, kachitsulo kamodzi komangira kanali kothyoka moti chingwecho chinkalendewera. Pini 11 ndi imene pulinta imauzira kompyuta kuti yatanganidwa, pini 12 ndi ya kutha kwa mapepala. Ziwirizi zikapanda kugwira bwino, kompyuta ikhoza kumangodikira mpaka kalekale. Ndaika chingwe china cholembedwa IEEE 1284, muyezo wa port zamtunduwu, cha mamita awiri.

Lamlungu

Lero zinali za kernel, mtima wa Linux umene umalankhula ndi zipangizo, ndipo m'pamene panagona nkhani. Lamulo la lsmod | grep -E "lp|parport" linaonetsa madalaivala a port, parport ndi parport_pc, koma lp, dalaivala wa pulinta, panalibe. Popanda lp, fayilo ya /dev/lp0, imene imaimira pulinta, siibadwa n'komwe. Kulemba sudo modprobe lp kunaibweretsa, ndipo dmesg, lamulo loonetsa mauthenga a kernel, inati port yathu, parport0, ili pa adiresi ya 0x378, irq 7 (njira imene port imaitanira purosesa). Kuti izidzilowa yokha poyatsa kompyuta, ndawonjezera mzere wa lp mu /etc/modules.

Chinthu chimene ndimachikonda kwambiri pa ntchito ngati iyi ndi fayilo ya /proc/sys/dev/parport/parport0/autoprobe. Pulinta yotsatira IEEE 1284 imatchula yokha dzina lake ikafunsidwa, ndipo dzinalo limaoneka m'fayiloyi. Mukaonamo EPSON, dziwani kuti mawaya akulankhulana mbali zonse ziwiri. Pulinta iyenera kukhala yoyaka pamene parport_pc ikulowa, apo ayi fayiloyo imakhala yopanda kanthu.

Kuyesa kotumiza mawu mwachindunji:

printf 'Moni\r\nMuli bwanji\r\n\f' | sudo tee /dev/lp0

Ambiri amalemba sudo echo kenaka chizindikiro cha > n'kukanidwa. Chifukwa chake n'chakuti amene amatsegula fayiloyo ndi shell yanu, pulogalamu imene mukulembamo malamulo, osati sudo yopatsa mphamvu za woyang'anira. N'chifukwa chake ndagwiritsa sudo tee. Ndipo \r musaisiye: popanda iyo mzere uliwonse umayambira pamene wapitawo wathera, mawu n'kumatsika ngati masitepe. \f ndi imene imatulutsa pepala.

Mizere iwiriyo inatuluka. Koma fayilo ya masamba atatu inkasindikiza mizere ingapo, n'kuima nthawi yaitali, kenaka n'kutulutsa zilembo zachilendo zosawerengeka.

Lolemba

Mu BIOS, momwe mumasinthidwa makonzedwe oyambira a kompyuta, port inali pa njira yotumizira ya ECP, ndi DMA 3. ECP ndi yothamanga, koma pulinta ya singano siifuna liwiro limenelo. Mutu wake umayenda pang'onopang'ono kuposa port ina iliyonse. Ndasintha n'kuika pa SPP, njira wamba yakale, imene ma BIOS ena amailemba kuti Normal. Zilembo zachilendo zija zatha.

Kuima kuja kunatsala. Kernel imadikira chizindikiro cha pa pini 10 kuti idziwe kuti pulinta yalandira, ndipo chizindikirocho chimafika kudzera pa irq 7. Chikasowa, imadikira mpaka nthawi ithe isanatumize china. Mankhwala ake ndi kuiuza kuti izifunsa yokha pafupipafupi. Mu fayilo ya /etc/modprobe.d/parport.conf:

options parport_pc io=0x378 irq=none dma=none

Nditachotsa lp, ppdev ndi parport_pc ndi modprobe -r n'kuzilowetsanso, dmesg inaonetsa mawu akuti polling, kutanthauza kufunsa pafupipafupi kuja, pa mzere wa lp0. Masamba atatu anatuluka osaima. Purosesa imagwira ntchito yochulukirapo pang'ono, koma palibe amene angazindikire.

Kwa amene port yake ili pa khadi yowonjezera ya PCI: 0x378 si yanu. Onani adiresi yeniyeni ndi lspci -v n'kuiika pa io.

Lachiwiri

Tsopano CUPS. Lamulo la lpinfo -v linaonetsa parallel:/dev/lp0. Likapanda kuoneka, onani ngati phukusi la cups-filters lilipo, chifukwa gawo lolankhula ndi port iyi limabwera m'menemo. Dalaivala ndasankha Epson 9-Pin Series, yobwera ndi CUPS yomwe. Mzere wa ntchito zodikira kusindikizidwa unali utaimitsidwa kuyambira Loweruka, choncho panafunika lamulo la cupsenable kuti uyambirenso.

Tsamba loyesera latuluka lonse, ngakhale zithunzi zake zili ndi mizere yoyera yopingasa. Chatsala ndi kukula kwa pepala: mapepala opitirira a mabowo m'mbali ndi a mainchi 11, pamene CUPS ili pa A4 yomwe ndi yotalikirapo, choncho tsamba lililonse likutsetserekera m'munsi pang'ono kuposa lapitalo. Mawa ndisintha kukhala Letter, ya mainchi 11, n'kuyesa masamba khumi motsatizana.