Zitenje zathu ku Vrsar, ndi makasitomala amene savala

Anthu akwathu akandifunsa kuti ku Croatia-ko umapanga chani ndimawauza zoona zake, ndimagulitsa zitenje, matawulo ndi zikwama, ndipo makasitomala anga ambiri ndi azungu amene holide yawo amaithera ali mbulanda. Ena amayamba akhala kaye chete. Koma bizinesi imeneyi ndi imene ikutilipirira lendi komanso fizi ya ana a mchemwali wanga ku Blantyre, ndiye ndilibe nayo manyazi.

Tili ku Vrsar, katauni kakang'ono ka m'mphepete mwa nyanja ya Adriatic, chigawo cha Istria, kwawo kwa amuna anga. Chapafupi pomwepa pali Koversada, kampu ya anthu osavala imene inayamba 1961 pakachilumba, dziko lino lidakali mu Yugoslavia ya pulezidenti Tito. Boma lija linali lachikomyunizimu koma linkafuna kwambiri ndalama zakunja, makamaka ma mark a ku West Germany, ndiye litaona kuti Ajeremani ndi anthu a ku Austria akufuna magombe oti azisambira osavala linawapatsa malo awoawo. Kenako kunabwera kampu ya Valalta kufupi ndi tauni ya Rovinj, tsidya lina la mkono wa nyanja wotchedwa Limski kanal, ndi makampu ena ambiri. Ku chilumba cha Rab mpaka lero amanyadira kuti mfumu Edward VIII ya ku Britain inasambirako osavala mu 1936. Pena paliponse ukaona chikwangwani cholembedwa FKK umadziwa kuti kuyambira pamenepo zovala palibe.

Croatia ili ndi anthu osakwana 4 miliyoni ndipo pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu a chuma chake limachokera kwa alendo, ndiye mlendo aliyense kuno ndi chakudya cha munthu wina.

Ife tinayamba ndi tebulo limodzi pakhonde la apongozi, mumsewu umene alendo amadutsa akamapita kudoko. Chimene anthu sadziwa ndi chakuti munthu wosavala amafuna nsalu kuposa wina aliyense. Lamulo lawo ndi loti sukhala pampando, pabenchi kapena mu lesitilanti ya mukampu popanda kuyala tawulo lako, ndipo ukangotuluka pageti kubwera mutauni uyenera kufunda. Ambiri ankagula tinsalu topyapyala tija timatha sizoni imodzi. Tsiku lina mayi wina wachikulire wa ku Austria anaima nkundifunsa komwe ndinagula chitenje chimene ndinamanga m'chiuno, ndinamugulitsa china cha musutikesi yanga, mawa lake anabwera ndi anzake a mukampu. Basi tinakalembetsa bizinesi, kuno bizinesi yaing'ono ngati yathuyi amati obrt, tinayamba kudula msonkho. Mchemwali wanga amaoda zitenje ku Limbe, telala wathu amapinda m'mphepete ndi kusoka zikwama za kugombe, kenako katundu amabwera pandege. Thiransipoti ndi kasitomu zimadya phindu kwambiri, osanama, koma zimatsalabe.

Chimene chimandisangalatsa ndi makasitomala amenewa ndi kukhulupirika kwawo. Mlendo wamba amabwera masiku angapo, kujambula zithunzi, chaka chamawa ali ku Greece. Awawa ayi, amabwera ndi kalavani yawo kukhala masabata, ena mwezi wathunthu, pamalo omwewo pansi pa mtengo womwewo chaka ndi chaka, ena anayamba kubwera ali ana ndi makolo awo pano akubwera ndi zidzukulu. Ndiye poti amakhalitsa amagula buledi ku bekale m'mawa uliwonse, nsomba kwa asodzi, mafuta a olive ndi vinyo kwa alimi a kumtunda, amachita hayala njinga ndi maboti, ndipo usiku uliwonse umene mlendo wagona pali kamsonkho kamene kamadulidwa, gawo lake limatsala mutauni momwemuno. Amafikanso molawirira mu May ndi kukhala mpaka September pamene mabanja a ana asukulu abwerera kale, kwa ife a mashopu ang'onoang'ono masabata amenewo ndi amene amatipulumutsa. Apongozi anga amanena kuti kale kuno kunali usodzi ndi minda basi, achinyamata ankangochoka, nyumba zambiri mukuzionazi zinamangidwa ndi ndalama za alendo.

Komatu musaganize kuti ndi chipwirikiti. Zinatheka chifukwa malire ake ndi odziwika bwino, mukampu kujambula anthu nkoletsedwa, wochita zachipongwe amatulutsidwa, ndipo mutauni aliyense amavala. M'mizinda ina ya kuno, ku Dubrovnik ndi ku Split, ngakhale kuyenda mutauni yakale utangovala zosambira amakulipiritsa fayini. Popanda dongosolo limeneli mabanja sakanamabwera, ndipo ndalama ili m'mabanjamo. Ndichifukwa chake wina akati bwanji Malawi naye angoyamba ku Cape Maclear ndimakana. Gombe lija ndi pamene amayi amachapira, ana amasambira, asodzi amakokera ngalawa, si malo opanda eni ake. Ndipo ife Amalawi pankhani ya zovala tinachokera kutali, lamulo la kavalidwe la 1973 linkaletsa amayi ngakhale thalauzi.

Mavuto alipo. Bizinesi yodalira alendo imagwa tsiku limodzi, akuluakulu kuno amakumbukira nkhondo ya 1991 mpaka 1995 makampu atatsala pang'ono kukhala opanda munthu, ife tinaziona mu 2020 ndi korona, katundu ali mbwee m'makatoni. Kuyambira October mpaka April shopu imakhala yotseka, timadya zimene tinasunga. Euro italowa m'malo mwa ndalama yakale ya kuno yotchedwa kuna mu January 2023 mitengo ya zinthu inakwera, makasitomala anayamba kuwerengetsera kwambiri. Koma chimene chimandidetsa nkhawa zedi ndi chakuti makasitomala athu akukalamba, achinyamata obwera ku FKK ndi ochepa, ndipo makampu ena ayamba kuchepetsa malo a osavala nkupereka kwa alendo ovala amene amabwera ambiri koma sakhalitsa.

Ndiye sizoni ikubwerayi tikuonjezera madiresi achitenje, zipewa ndi nsalu za patebulo kuti alendo ovalawo nawonso azipezapo chogula, ndipo makasitomala akale amene sathanso kuyendetsa galimoto kuchoka ku Munich ku Germany kapena Graz ku Austria tayamba kuwatumizira maoda awo papositi. Telala wathu ndamuuza kale kuti apeze womuthandiza.