Tayala la njinga ndi masabata awiri otsiriza a Sitandade 7

Ku koleji anatiphunzitsa kulemba sikimu, kukonza lesoni pulani, kugawa ana m'magulu, mpaka kaimidwe polemba pa bolodi kuti usawatchinge ana. Chimene sitinakambe ndi ichi: uchita nawo chiyani ana 94 mayeso a teremu yachitatu akatha, kutsekera kudakali masabata awiri? Ndakumana nazo July yemweyu pa sukulu imene ananditumiza kukachita tichingi pulakitisi, ndipo ndati ndilembe ndisanaiwale.

A Sitandade 8 anali atalemba kale mayeso awo a MANEB n'kubalalika. Chipinda chawo, chomwe ndi chokhacho chili ndi madesiki okwanira, chinangotsala pululu, choncho ahedi analola ana anga kusamukiramo. Ana oti chaka chonse amakhala pasimenti anayamba kuyenda mosiyana, mapewa m'mwamba, poti tsopano akuluakulu a pasukulu ndi iwowo. Koma kuphunzira kunalibe. Mwera unkaomba, ana ankabwera manja ali m'khwapa, ena atafunda zitenje, n'kumangowothera dzuwa kuseri kwa chipinda. Aphunzitsi tonse tinali pansi pa mtengo wa mango ndi zolembera zofiira, kuchonga mapepala. Ana akasesa ndi kutunga madzi, atsikana ku fulaye, anyamata ku mpira wachikulunga. Ena sankabwera n'komwe. Ukafunsa anzawo, yankho linali limodzi: akutonola chimanga, kapena apita kokumba mbatata.

Ine anandipatsa masamu. Funso lina linali la tayala: "diameter" yake (kutalika kwake kudutsa pakati) 70 cm, lapanga "50 revolutions", peza mtunda umene layenda. Mwa ana onse aja, olemba molondola anali 9 okha. Zinandiwawa, chifukwa mutu umenewu ndinaphunzitsa ndekha, ndipo tsiku limenelo aphunzitsi ondiyang'anira anandipatsa malikisi abwino. Ndinabwereranso m'mapepalamo kuti ndione pamene ankagwera. Ambiri anachulukitsa 70 ndi 22/7 bwinobwino n'kupeza 220. Atafika pamenepo, m'malo mochulukitsa ndi 50, ena anangoima. Ena anaphatikiza 50 n'kulemba 270. Mmodzi anachotsera.

Ndinawaonetsa aphunzitsi ondiyang'anira aja, mayi oti agwira choko zaka zoposa makumi awiri. Sanadabwe ngakhale pang'ono.

"Madamu, anawa masamu amawadziwa," anatero akupitiriza kuchonga. "Koma pa pepala limodzi akulemba mayeso awiri, a masamu ndi a Chingerezi. Kawafunseni tanthauzo la 'revolutions' mumve."

Ndinakafunsa. Chete. Mnyamata wina anayesa mwayi nati ndi nkhondo. Sindinamuseke, poti liwulo limatanthauzanso kuukira boma, ndipo mwina analimva pa wailesi. Ana athu amaphunzira kwambiri m'Chichewa m'makalasi oyambirira, kenako pofika Sitandade 5 zonse zimatembenukira ku Chingerezi, ndipo mayeso a Sitandade 8 amabwera m'Chingerezi kupatula pepala la Chichewa. Izi ndinkazidziwa, ndinazilembapo ngakhale pa mayeso ku koleji. Kuziona pa mapepala 85 okhala ndi mtanda wofiira, mtanda woika ine ndemwe, ndi nkhani ina.

M'mawa mwake ndinabwereka njinga ya kapalasa kwa bambo amene amalondera pasukulupo. Za TALULAR, kuphunzitsa pogwiritsa ntchito zinthu zopezeka pamalo pomwepo, tinaziimba kwambiri ku koleji, koma kunena zoona ine ndinkaziona ngati kutolera zitsekerero za mabotolo ndi kujambula matchati pa masaka kuti alekichala akupatse malikisi. Tsiku limeneli ndinalibe tchati. Ndinali ndi njinga, chingwe, lula ya pa bolodi ya mita imodzi, ndi kansanza kofiira.

Tinayamba ndi kuyeza tayala kudutsa pakati. Wina anapeza 69, wina 71, tinagwirizana pa 70. Tinamanga kansanza pa tayala pamene pali valavu, tinajambula mzere pansi, n'kukankha njinga mpaka kansanza katabwereranso pansi. Poyeza, mamita awiri ndi masentimita 20, kusiyana kwake kochepa ngati chala. Mwana wina anakuwa, "Eee, ndi 220 ya m'kope ija!" ngati wakumana ndi m'bale wake kumsika. Ndinawauza kuti kuzungulira kamodzi kumeneko ndiye "one revolution". Basi. Liwu limene linagwetsa kalasi yonse linatha pa mphindi imodzi.

Kenako tinapita ku bwalo la mpira kukayeza kuchokera pa golo kufika pa golo linalo. Apa ndi pamene panakoma. Magulu atatu anayeza, mayankho atatu: 44, 45 ndi 47. Mkangano unabuka, aliyense akuti anzake sadziwa kuwerenga. Ndinatsala pang'ono kuweruza ndekha, koma ndinadzigwira. La 47 silinavute, onse anaona kuti wokankha njinga ankayenda mokhotakhota ngati wachokera ku mowa. Koma 44 ndi 45? Onse anayenda mowongoka, motsata mzere wa laimu.

Anamasula ndi mtsikana wina wokhala kumbuyo, amene teremu yonse sindinamumvepo mawu kupatula poyankha rejisitala. Anakweza mkono mwamanyazi.

"Madamu, awa a 45 anayamba kunena kuti wani tayala lisanazungulire. Pa mzere poyambira paja sipowerenga."

Ndinamuyang'ana. Pa mayeso anapeza 34 pa 100. Anatola kamtengo n'kuchulukitsa 44 ndi 220 pa dothi, anapeza 9,680, ndipo atafunsa mnzake kuti mita ili ndi masentimita angati, anati bwalo ndi mamita 96 ndi masentimita 80. Anyamata anakana, amati bwalo lawo ndi mamita 100 ngati la ku sitediyamu. Anayezanso okha kawiri. Sanafike.

Ndisanamizire kuti zonse zinayenda bwino. Njinga imodzi, ana oposa 70 amene anabwera tsikulo: ambiri ankangothamangira m'mbuyo akukuwa, mpaka ahedi anatuluka kudzaona ngati kwagwa ndewu. Nditatembenuka pang'ono, anyamata atatu anakwera njinga ija onse pamodzi, tayala lakumbuyo n'kuphwa. Ndalama yomatitsa inachoka m'thumba mwanga, ndipo alonda aja mpaka lero akandiona amaseka, amvekere, "Madamu, lero tiyeza chiyani?"

Masiku otsalawo tinachita chinthu chosavuta. Ndinawabwezera mapepala awo a masamu n'kuwauza kuti aliyense atchule liwu limene linamuimitsa. Tinkalemba pa pepala la thumba la simenti, Chingerezi uku, Chichewa uku. Anatuluka "altogether", "remainder", "share equally", "how many more". Limene linandidzidzimutsa ndi "difference". Ambiri ankalimva ngati kusiyana kwa maonekedwe, monga mbuzi ndi nkhosa, osati kuchotsera. Tangoganizani mwana akuwerenga "find the difference between 805 and 368" n'kumadabwa kuti afotokoze chiyani. Pofika Lachinayi tinali ndi mawu 31.

Sindikuwada aphunzitsi amene amasiya ana panja masabata amenewa. Kalasi ya ana 94, mapepala asanu ndi limodzi aliyense, ndi mapepala 564, kuwonjezera kuphatikiza malikisi, kusanja manambala ndi kulemba malipoti pamanja. Sungachonge uku ukuphunzitsa. Komabe chimandivuta n'chakuti mwana amangomva nambala yake tsiku lotsekera, osaona pamene analakwa, n'kulowa Sitandade 8 ndi bowo lomwelo. Ndikudziwanso kuti njinga sidzalowa m'chipinda cha mayeso a MANEB. Mtsikana uja adzakhala yekha ndi pepala la Chingerezi, ndipo pepala limenelo ndi limene lidzanene ngati apite ku sekondale yogonera komweko, ku CDSS yoyendera, kapena atsale.

Tsiku lotsekera makolo anakhala pa mabenchi pansi pa mitengo, amfumu ndi a komiti kutsogolo. Kalasi iliyonse ankaitana kuyambira nambala wani, nthungululu zili pakamwa, atatu oyamba akulandira makope ndi sopo. Pofika m'ma 40 manja anali atatopa, anthu ayamba kucheza zawo. Mtsikana uja anali nambala 58, wakhoza mopulumukira. Palibe anaimba nthungululu. Anthu akubalalika anandipeza ndikumatula pepala la simenti lija pakhoma kuti lisanyowe kapena kung'ambidwa patchuthi.

"Madamu, mulitenga?"

Ndinamuuza kuti ndibwera nalo mu September, poti teremu yoyamba ndidzakhala ndili pompano.

"Ndiye ndikopereko kaye," anatero, akutulutsa kope la Agriculture limene linatsala ndi masamba awiri kumapeto. Ndinaligwira pepalalo pakhoma ndi manja onse awiri, mphepo ikulikupiza, mpaka anafika pa liwu la 31.