Makilomita 6 amene sanapezeke

Popeza alamu anga ayamba kale kufalitsa nkhaniyi mopotoza, ndiloleni ndiifotokoze ndekha. Chowerengera makilomita cha galimoto yawo chinali chitafa, koma sipidomita inkagwira ntchito, ndipo iwo anatsimikiza kuti mafuta otsala atiyendetsa makilomita 40. Ine, monga wodziwa masamu, ndinadzipereka kuwerengera mtunda polemba liwiro mphindi 10 zilizonse: makilomita 30 pa ola, kenako 42, 60, 72 ndi 90.

Ngati liwiro likungokwera, njira yake ndi yosavuta. Mukatenga liwiro la kumayambiriro kwa chigawo chilichonse mumapeza mtunda wochepetsetsa umene mungakhale mutayenda, ndipo mukatenga la kumapeto mumapeza wochulukitsitsa. Ndinawonkhetsa manambala anayi oyambawo, ndinapeza 204, ndinachulukitsa ndi 10, ndipo ndinalengeza mosachita chibwibwi kuti tayenda makilomita 2,040.

Alamu anangokhala chete. Ine ndinayang'ana pepala, ndinasuzumira panja, ndipo ndinazindikira kuti m'mphindi 40 zokha tathamanga kuposa kawiri liwiro la phokoso, m'galimoto imene chitseko chake chimatsekedwa ndi chingwe. Ndinaisisita mwaulemu. Ndinayamba kukonza mawu okauza atolankhani, ndiponso kudabwa kuti munthu wapanjinga amene tinamupitirira movutikira uja ankapalasa ndi miyendo yamtundu wanji. Panapita nthawi ndisanakumbukire kuti mphindi 10 ndi gawo limodzi mwa magawo 6 a ola, choncho ndinayenera kugawa 204 ndi 6, osati kuchulukitsa ndi 10.

Malire apansi anakhala makilomita 34, apamwamba 44. Nthawi yomweyo tinafika pamalo omwetsera mafuta, ndipo ine ndinasankha nambala imene inandikomera m'maso. "Alamu, musaime," ndinatero, "tatsala ndi mafuta a makilomita 6, ndipo malo ena ali pa makilomita 5." Titayenda pafupifupi kilomita imodzi, injini inatsokomola katatu n'kuzima.

Onyozawo adziwe kuti masamu sanalakwe, chifukwa 40 ali pakati pa 34 ndi 44, ndipo ndikanatenga nambala yapakatikati, 39, tikanaima. Ndikanalembanso liwiro mphindi 5 zilizonse, malirewo akanasiyana ndi makilomita 5 okha, koma alamu ankandisokoneza ndi nkhani zawo.

Pokankha, liwiro lathu linali losasintha, loti n'kuwerengera mtunda mosavuta, koma cholembera anali atandilanda.