Uranus tinangomuonera pafupi kamodzi basi

Abale mumadziwa kuti chombo cha mumlengalenga chomwe chinafikako ku pulaneti la Uranus ndi chimodzi chokha? Voyager 2 ya NASA (bungwe la ku America loona zamumlengalenga), inanyamuka 1977 nkukadutsa kumeneko mu Januwale 1986, osaima ayi, kungojambula zithunzi ili paliwiro, kutulukira timiyezi 10 tozungulira pulanetilo kenako uyo ku pulaneti lina la Neptune komwe inafika 1989. Kuchokera pamenepo zii.

Koma pulanetili ndi lodabwitsa eti, limazungulira litagona chammbali ndipo kuzungulira dzuwa kamodzi zimalitengera zaka 84. Mu 2022 asayansi aku America anati ulendo wa ku Uranus ukhale patsogolo, chombo chizikalizungulira nkuponya kachipangizo mumpweya wake. Kungoti ulendo wokhawo ndi zaka zoposa 10, zithunzizo zidzandipeza ndili ndi imvi ine 😅