Sofa ya bambo ndi sipoko ya njinga

Katundu wa malemu bambo atagawidwa, ine ndinatsala ndi sofa. Achimwene aakulu anatenga njinga ndi malata amene anali kuseri kwa nyumba, mng'ono wanga anatenga makina osokera, koma sofa aliyense ankangoiponyera diso n'kuyang'ana kumbali. Sindikuwada nazo. Kuti inyamuke pamafunika amuna anayi, ndipo nthawi imeneyo inkaoneka ngati ng'ombe yopulumuka ku chilala: chikopa chili mbuu, ming'alu ponse pofikira mikono, pokhalira patalowa ngati mtondo, mabatani ena atathothoka ena akulendewera.

Bambo anaigula ku Thyolo ali kalaliki pa esiteti ya tiyi, kwa mzungu wina amene ankalongedza kubwerera kwawo. Ana sitinkakhalapo. Malo athu anali pamkeka limodzi ndi amayi, sofa inali ya bambo ndi alendo ovala jekete. Mwina n'chifukwa chake ndinalolera kuchita hayala galimoto kuti ifike kuno ku Chilomoni, abambo akunyumba akung'ung'udza njira yonse kuti ndalama ya hayalayo ikanagula mipando inayi ya pulasitiki.

Mtundu wa sofa umenewu amautcha Chesterfield, ndipo kwawo ndi ku England. Mungauzindikire msanga: potsamira msana ndi poika mikono n'potalika mofanana, m'mphepete mwake mopindikira kunja, ndipo chikopa chonse chimalowa m'maenje a mabatani. Anthu amakamba kuti dzinali linachokera kwa Philip Stanhope, mfumu yachinayi ya udindo wa Chesterfield, amene anamwalira mu 1773. Mabataniwo sanayambe ngati chokongoletsa chabe. Kale mkati mwa mipando ankaikamo ubweya wa akavalo ndi thonje, ndiye chingwe cha batani chinkagwira zimenezi kuti zisaunjikane pansi. Ine zonsezi ndazidziwa mochedwa. Ndili mwana ndinkangodziwa kuti m'maenjemo mumabisala zinyenyeswa za mabisiketi a alendo.

Choyamba chimene ndinachita chinali chopusa, ndipo ndichinena kuti wina asachibwereze. Amayi a Mvano anatumiza uthenga kuti abwera kudzandipepesa maliro. Ndinayang'ana sofa ija, manyazi n'kundigwira. Ndinatenga polishi wa nsapato wabulawuni, ndikupaka yonse usiku, m'mawa n'kuipukuta mpaka kuwala. Amayiwo anafika, tinaimba, tinapemphera. Podzuka, atatu amene anakhala pasofa anali ndi mizere yabulawuni kumsana kwa mabulauzi awo oyera, yojambulika bwinobwino ngati mawanga a kamba. Mayi wamkulu anangoti, "Musadandaule mwanangu, sopo alipo," koma ine ndinalakalaka nthaka itandimeza. Polishi wa nsapato ndi phula lokhala pamwamba basi. Pansapato salakwa poti palibe amakhalira nsapato, koma pampando thupi likatenthetsa amasungunuka n'kutsatira zovala.

Sabata yotsatira ndinaitana mmisiri wa mipando. Anaizungulira kamodzi, n'kuimenya ndi chikhatho. "Amayi, ichi chatha. Tichisende chonse, tiike rekisini watsopano, chiwala ngati cha m'shopu. Chikopa chakalechi ndikakutayirani ndine." Mawu otsirizawo ndi amene anandidzutsa. Munthu sadzipereka kukutayira chinthu chopanda ntchito. Rekisini ndimamudziwa, ndi nsalu yokutidwa pulasitiki. Chaka choyamba amanyadira, kenako amayamba kusupuka ngati njoka yofundula, ndipo mu Okutobala ukakhalapo umadzuka ndi phokoso, khungu litamatirira. Ndinamuthokoza, ndinamupatsa ya minibasi.

Amene anandithandiza ndi bambo wina wachikulire wosoka nsapato pansi pa mtengo pafupi ndi siteji. Ndinawapempha kuti adzangoona. Atafika anapempha madzi m'kapu, ine kumayesa ludzu. Anadontheza dontho limodzi kuseri kwa sofa, lina pamkono pamene panali potha. Lakuseri linangokhala chilili ngati mkanda, lapamkono linalowa pompo n'kusiya banga lakuda. "Mwaona mayi? Chikopa ichi n'chopaka utoto pamwamba. Kumene utoto ulipo madzi salowa. Apa utoto unatha, ndiye chikopa chili pamtunda, chikumwa chilichonse, thukuta, mafuta a m'tsitsi, polishi wanu uja. Koma sichinafe." Anatsina pang'ono, chikopa n'kupindika osathyoka. Anati chikopa chakufa ukachitsina chimasweka ngati chipapati, ndipo chotero palibe mankhwala ake.

Ndinayamba m'tchuthi cha Ogasiti, chiperoni chitapita, dzuwa lisanafike poluma. Tinaitulutsira pakhonde pamthunzi. Chikopa chonyowa sachiyanika padzuwa, chimauma gwa n'kuwonjezera ming'alu.

Kutsuka kunanditengera masiku atatu, ndipo pa ntchito yonse palibe chimene chinasintha maonekedwe kuposa kumeneku. Madzi ofunda, sopo wa ana wosanunkhira pang'ono chabe, kansalu kofinyidwa mpaka kasadonthe. Kachigawo kakang'ono, kupukuta ndi nsalu youma, kenako kena. M'maenje a mabatani ndinkalowamo ndi mswachi wakale, ndipo zimene zinkatulukamo sindingazilembe pano. Polishi uja anakana sopo, ndiye ndinamuchotsa ndi kansalu konyowetsa sipiriti. Sipiriti amadyanso utoto wa chikopa, choncho ndinalimba mtima kokha chifukwa ndinkadziwa kuti ndidzapakanso utoto. Ngati simukufuna kupaka utoto, sipiriti musamuyandikize. Sopo waufa wochapira zovala ndi jiki ndiye ayi ndithu.

Tsopano za mabatani, zomwe ndinkaziopa kwambiri koma zinakhala zokoma kuposa zonse. Kuseri kwa sofa kuli chikopa chosalala chokhomedwa ndi timisomali. Ndinazula timisomalito pang'onopang'ono ndi sukuludiraiva ndi pulaya, ndikuika m'chitini kuti ana asaponde. Nditatsegula ndinapeza chiguduli chokokedwa pamatabwa, ndipo pachigudulipo panali timfundo tambirimbiri m'mizere, mfundo iliyonse itamangidwa pa kansanza kokulungidwa ngati ndudu. Chinsinsi chonse n'chimenecho. Batani lililonse lili ndi chingwe chake chodutsa m'chikopa, m'thonje, mpaka kuseri, ndipo kansanzako kamaletsa mfundo kuboola chiguduli n'kubwerera mkati. Sofa imene kutsogolo inkaoneka ngati yatupa matenda, vuto lake linali zingwe zowola.

Pansi pa chigudulicho panagwa zinthu: chipeso cha bambo, chivindikiro cha bolopeni, makoko a mtedza, ndi makobidi a tambala a nkhope ya Kamuzu. Panalinso mabatani awiri mwa asanu amene anasowa. Mwana wanga wamng'ono anafunsa ngati makobidiwo angagule switi.

Amisiri enieni ali ndi singano yaitali ya ntchito imeneyi, ya masentimita 25 kapena 30. Ine ndinalibe. Bambo a nsapato aja anatenga sipoko ya njinga, ananola mbali ina pamwala, mbali inayo anaiphwanthitsa ndi hamala n'kuboola kachibowo. Anandigawiranso ulusi wawo wa nayiloni wosokera soli, ndi kachidutswa ka phula la njuchi kokwecheza ulusiwo kuti usaterereke pomanga. Ulusi wamba wa telala musayese, umaduka munthu woyamba akangotsamira.

Kachitidwe kake n'kotere. Ulusi wautali ngati mkono umalowa m'kamphete ka kuseri kwa batani, nsonga zonse ziwiri n'kulowa pa singano. Singano imalowa pa bowo lakale lomwelo, osaboola latsopano, ndipo iyenera kuyenda chowongoka. Ikapendama imatulukira pena, batani n'kukhala chopenyera kumbali ngati diso la nkhuku. Ntchitoyi ndi ya anthu awiri. Abambo akunyumba, amene poyamba sankafuna n'kumva komwe, ndi amene ankakankha batani kutsogolo ndi chala chachikulu, ine kuseri ndikukoka. "Lafika?" "Ayi mayi, kokaninso pang'ono." Tinayambira mzere wapakati kupita m'mbali.

Apa ndinalakwitsanso kamodzi. Batani loyamba ndinalikoka mwamphamvu n'kumangiratu mfundo yakufa. Nditapita kutsogolo ndinapeza lalowa kwambiri kuposa anzake, chikopa chapafupi chitakokeka ngati ng'oma. Ndinadula n'kuyambiranso. Mfundo yoyenera ndi yotsetsereka, imene umatha kuiwonjezera kapena kuimasula. Umaika mabatani onse kaye, n'kumapita kutsogolo kukayang'ana uli patali, n'kubwerera kudzakoka ili, kumasula ilo, mpaka maenje onse afanane kuya. Pamenepo m'pamene umaika kansanza n'kumanga zolimba. Ndinasintha zingwe zonse 38 za kumsana, ngakhale zimene zinkaoneka zamoyo, chifukwa sindinkafuna kudzazulanso timisomali tija chaka chamawa.

Pakati pa batani ndi batani chikopa chimapinda mkwinya, ndipo mikwinya imeneyi ndi imene imapanga mawanga aja. Ndinaiwongola ndi chogwirira cha supuni. Yonse iyenera kuyang'ana pansi, kuti fumbi lizitsetsereka m'malo mosonkhana m'kati. Komanso musanakoke batani lililonse, pakani kaye mafuta a chikopa pozungulira bowo n'kudikira tsiku. Chikopa chouma chikakokedwa chimang'ambika pomwepo. Mabowo awiri anali atakula kale moti batani likanangolowa lonse, ndiye ndinamata kachigamba ka chikopa kunsi kwake.

Mabatani atatu otsalawo ndinawapanga. Ndinadula kachikopa pansi penipeni kuseri, pamene chimapindikira kunsi ndipo palibe amaonapo. Bambo a nsapato aja anakapala ndi lezala mpaka kupyapyala ngati nsalu, ine n'kukutira mabatani achitsulo a jasi lakale. Mukawayang'anitsitsa ndi aakulu pang'ono kuposa anzawo. Ndinawaika mzere wapansi, kumene amabisika munthu akakhala.

Pokhalira sindinachedwepo. Titaitembenuza tinapeza masipuling'i ali bwino, koma malamba a chiguduli amene amawanyamula ataduka. Ambiri kuno amaika malegeni, koma malegeni amatamuka, ndipo pansi pa sipuling'i pamafunika chinthu chosatamuka. Ndinapita ku msika wa Ndirande kwa ophwasula magalimoto n'kugula malamba omangira anthu m'galimoto. Tinawakoka zolimba, kuwalukanitsa ngati mkeka, kukhoma, n'kusokerera sipuling'i iliyonse pamalo pake. Mtondo uja unatha tsiku lomwelo.

Pamkono wakumanzere panali pong'ambika, kutalika ngati chala. Ndinadula kansalu ka jinzi kokulirapo kuposa bowo, ndinakalowetsa kunsi ndi kachitsulo kozulira nsidze, ndinapaka guluu wa nsapato ndi kamtengo ka machesi, n'kukumanitsa milomo ya chikopa pamwamba pake. Guluu ameneyu akauma amapindika limodzi ndi chikopa. Supa guluu amauma ngati galasi, ndipo chikopa chimadzang'ambikanso m'mbali mwake.

Zinthu zitatu zokha ndi zimene ine sindinazipeze m'mashopu amene ndinayendamo: phala lotsekera ming'alu ya chikopa, utoto wake wosungunulira madzi, ndi mankhwala otsekera pamwamba. Msuweni wanga wa ku Johannesburg anatumiza timabotolo titatu pa basi. Phalalo amapaka mopyapyala ndi mpeni wosathwa, likauma n'kukwecha ndi sandipepa wosalala wa nambala 600, kenako kupakanso. Pa ming'alu yakuya ndinabwereza kanayi. Mukafulumira n'kuunjika kamodzi, limauma pamwamba pokha n'kusweka. Utoto ndinayesa kaye kuseri, kenako ndinkadinda ndi siponji, osati kukwekweza, ndipo ulendo woyamba unkaoneka zigamba zokhazokha moti mtima unandithawa. Ulendo wachitatu zinafanana. Mankhwala otsekerawo musawadumphe, ndi amene amaletsa utoto kutsatira zovala. Patatha masiku awiri ndinakwecha ndi mpango woyera wonyowa, ndipo unatuluka woyera. Ndinaganiza za amayi a Mvano.

Mafuta amene ndimapaka ndi aja ogulitsa opaka mipando yachikopa ya m'galimoto, kawiri pachaka, dzinja lisanayambe ndiponso likatha. Anzanga ena anandilangiza mafuta ophikira. Amenewo amavunda m'chikopa n'kuyamba fungo, ndipo mphemvu zimabwera ngati zaitanidwa. Sofayo ndinaichotsa pawindo pamene dzuwa la masana linkaigunda, ndipo sindiigundikiza kukhoma, chifukwa m'dzinja khoma lathu limachita chinyezi ndipo chikopa chimagwira chuku. Zonse zimene ndinagula, kuphatikizapo ya bambo a nsapato, sizinafike theka la mtengo umene mmisiri uja ananditchulira wa rekisini.

Malo amodzi sindinapake utoto. Pamkono wakumanja pali banga lakuda, losalala, pamene bambo ankatsamiritsa dzanja akumvera nkhani za 7 koloko. Ndinangopatsuka n'kupaka mafuta.

Amayi anabwera mwezi watha kudzaona adzukulu. Anaima pakhomo nthawi ndithu akuiyang'ana, kenako anayandikira n'kukanikiza batani limodzi ndi chala. "Wafiiritsa," anatero. "Ya bambo ako sinali yofiira chonchi." Ndinati mayi khalani muyese masipuling'i. Anagwira pa banga lija, n'kuuza mdzukulu wawo kuti akatenge mkeka kuchipinda.