Amayi anati "takhuta"

Tulo takana. Kukutentha ngati masana, ana agona pakhonde mu neti, ine ndili ndi foni m'manja ndipo mawu amodzi okha ndi amene akundizungulira m'mutu.

Apongozi anga anafika dzulo kuchokera ku Makhanga. Amene munayendako mukudziwa kuti ulendowu si masewera: kuwoloka pa boti pa Mtayamoyo, paja madzi anadula njanji ndi msewu mu 1997, kenako kudikira minibasi pa Bangula mpaka idzadze, ndiye kufika kuno ku Nchalo dzuwa litapendeka. Munthu wamkulu, atasenza kathumba ka mpunga wa ku Muona woti adzukulu adye. Dzulo anadya nsima ya mlamba wouma chifukwa anatidzidzimutsa. Lero ndinati ayi, ndiwaphikire chinthu chimene ndimachinyadira.

Kaphikidwe kameneka anandiphunzitsa ndi mng'ono wanga amene amagwira ntchito yophika ku Blantyre. Iye amati stir-fry, ine ndimangoti nkhuku yokazinga ndi masamba. Kanachokera ku China, kumene amaphikira m'chiwaya chakuya chotchedwa wok. Changa ndi chiwaya wamba, ngati cha anyamata a tchipisi, ndipo chimagwira bwino ntchito. Ndinagula chidale ndi ntchafu za nkhuku yoyera, chifukwa ya chikuda ndi yolimba, singapse pa mphindi zochepa. Ndinachotsa mafupa, n'kudula nyamayo mopyapyala ngati chala cha mwana, n'kuinyika mu masupuni atatu a sosi wa soya, adyo ndi jinja wosinja, ndi kaufa ka chinangwa pang'ono koti msuzi udzagwire. Mchere sindithira, sosiyo ali nawo wokwanira. Ikukhala choncho mphindi 20, ine ndikudula karoti, zitheba, anyezi, tsabola wobiriwira ndi tchayinizi wa kudimba, mapesi payekha masamba payekha. Zonse ziyenera kukhala pafupi musanayambe, chifukwa chiwaya chikatentha palibenso nthawi yofuna mpeni.

Makala atafiira psuu ndinathira mafuta, n'kuika nyama theka lokha. Mukaunjika yonse imatulutsa madzi, ndiye m'malo mokazingika imangowira. Itafiirira ndinaichotsa, theka linalo chimodzimodzi. Kenako anyezi, karoti ndi zitheba, pambuyo tsabola ndi mapesi a tchayinizi, masamba ake pomaliza, dzanja osapuma. Ndinabweza nyama, kathiridwe ka madzi pang'ono, basi. Fungo lake mpaka mayi oyandikana nawo anasuzumira pa mpanda. Mtima wanga unali mbee.

Ndinawasambitsa m'manja, ndinagwada n'kuika mbale. Mpunga unali wawo womwe uja. Anayang'ana nthawi yaitali asanagwire supuni.

"Mwananga, nkhuku imeneyi inalibe mafupa?"

"Ndachotsa, Amayi. Ali mu firiji, mawa ndiphikira msuzi."

"Nanga nthutumba?"

Ndinawauza kuti ndinagula chidale ndi ntchafu zokha. Anagwedeza mutu pang'onopang'ono, osati mokwiya ayi. Anatola karoti, n'kumutafuna, akumveka kukukutika. Ndiye anatsitsa mawu kuti mwana wawo asamve, n'kunena kuti, "Makala akudula, ndikudziwa. Usadandaule."

Apa ndi pamene pandipweteka. Iwo aganiza kuti moto unandithera, kuti masamba ndawaphula asanapse chifukwa chosowa. Andimvera chisoni pa chinthu chimene ndachita dala ndi mtima wanga wonse. Ndinayesa kufotokoza kuti amayenera kukhala choncho, obiriwira, osalobodoka. Bambo a ana nawonso anati, "Lawani bwino Amayi, ndi zokoma izi." Amayi anangomwetulira, n'kuyamba nkhani ya nkhuku zawo zimene zinapita ndi madzi a Freddy mu 2023, khola lonse usiku umodzi. Anati kwawo mlendo akafika, nkhuku imayamba yalira, ana akuithamangitsa kuzungulira nyumba, mpaka oyandikana nawo adziwe kuti pakhomopo pabwera munthu. Ndipo ikapsa aliyense amadziwa chiwalo chake.

Sanandinene. Koma ndinamva.

Anadya theka, n'kukankhira mbale kwa mdzukulu wawo wamng'ono, n'kuti, "Takhuta." Ine si Msena, kwathu ndi ku Thyolo, koma zaka zisanu ndi zinayi za banja zandiphunzitsa kuti m'Chisena takhuta ndi zikomo. Amanena choncho ngakhale uwapatse madzi akumwa. Koma m'Chichewa changa takhuta ndi kuti basi, zakwana, chotsani. Ndipo mbale inali ndi chakudya. Ananena takhuta uti? Ndatsuka mbale ndikudzifunsa, ndasamba ndikudzifunsa.

Bambo a ana akuti ndikuganiza kwambiri, mayi awo mano ndi amene avuta, karoti wolimba sangamuthe. Mwina ndi zoona, ndipo zimenezo sindinaziganizire, ndikuvomera. Koma zandikwiyitsa kuti iwo anena zimenezi kamodzi n'kugona tulo tofa nato. Akanatha kundiuza m'mawa kuti mayi akabwera timawaphera ya chikuda. Akudziwa kwawo kuposa ine.

Komanso mtima wina ukukana kugonja. Mwezi uno wa Okutobala kuno ku chigwa kutentha kumapitirira madigiri 40. Nkhuku ya chikuda imafuna ola ndi theka kapena awiri uli pafupi ndi mbaula, thukuta likutsikira m'maso. Iyi pamoto sipapita mphindi 15. Nyama yochepa yakwanira anthu asanu ndi mmodzi chifukwa masamba achulukitsa, ndipo palibe amene wadandaula kuti walandira khosi kapena chipalapasiro. Mwana wanga wamkulu, amene mpiru amachita kumukakamiza, lero wanyambita mbale mpaka kupempha tchayinizi wina. Zimenezi kwa ine si zazing'ono. Ndinakula ndikuona amayi anga akudya mutu ndi miyendo, zonona zonse zitapita kwa abambo ndi alendo, ndipo tsiku limene mng'ono wanga anandionetsa mbale imene aliyense amatapa mofanana ndinaikonda pompo.

Koma Amayi sanawoloke Shire kuti adzatape mofanana ndi adzukulu. Khola lawo linapita, ndipo mwina chiyambire nthawiyo palibe amene anawapherapo nkhuku. Izi zandibwerera madzulo, nditawaona atakhala pa mkeka akupeta mpunga wotsala uja, akuchotsa timiyala timene ine sindinatione.

Mayi oyandikana nawo ali ndi tambala wofiira amene akhala akufuna kugulitsa. Ndalama ya mwezi uno yatsala yochepa, ya sukulu sindinamalize. Ndawerengera kawiri. Ndikhoza kumugula mawa m'mawa ndisanapite ku ntchito, ana amuthamangitse alire, nthutumba ndiiike pambale ya Amayi. Mwinanso pambali ndikazinge masamba, karoti nditayamba ndamufwafwaza kuti afewe, aone kuti sikunali kusowa makala.

Ndikuwamva akutsokomola kuchipinda kwa ana, nawonso sanagone. Ndikufuna kukawapatsa madzi ozizira, koma ndikudziwa chimene ayankhe.