Pepani ndi mneni wolamula

Mtima wanga wakhala pansi tsopano pa nkhani ya mawu akuti pepani, omwe akhala akundizunguza mutu pamene ndikukonzekera mayeso a Chichewa a MSCE kuno ku Nkhotakota. Za mitundu ya mawu sindinenapo, poti tonse tidaziloweza kalekale. Chomwe chanditsegula m'maso n'chakuti pepani ndi mneni wolamula, wopangidwa monga bwerani kapena khalani, ndipo -ni wakumapetoyo ndi yemwe uja wosonyeza ulemu kapena kuchuluka kwa anthu. N'chifukwa chake mwana akagwa timati pepa, koma kwa apongozi kapena kwa gulu timati pepani.

Munthu ukazindikira zimenezi umaona kuti mawuwa amaloza kwa womvera, osati kwa woyankhula. Wonenayo sakuvomera mlandu ayi, koma akupempha mnzake kuti mtima uphwe. Mayi wosenza beseni la usipa akaterereka m'matope pafupi ndi msika, usipawo n'kumwazika, onse amene ali pomwepo amati, "Pepani mayi," ena n'kuwerama kuwathandiza kutola, chonsecho palibe amene wawakankha. Wodwala malungo timamuuza chimodzimodzi, ndipo anamfedwa nawonso timawauza zomwezo tikagwada pasiwa. Koma amene walakwadi sathera pomwepo, amawonjezera kuti, "Ndalakwa, mundikhululukire," chifukwa pepani payekha savomera kulakwako.

Ndafika apa chifukwa cha njira yophwanya mawu, yomwe ine ndikuiona kuti imaposa njira ina iliyonse yophunzirira malamulo a chiyankhulo, ndipo ndikadakhala mphunzitsi sindikadataya nthawi ndi zina. Ukalemba pepa pakati pa pepala n'kuyamba kuphatikira tizigawo, pamatuluka kupepesa, kupepesana, kupepesera wina amene sangathe kudziyankhulira yekha, komanso dzina lakuti chipepeso. Dzinali ndi lomwe landikhutiritsa kwambiri, pakuti ndalama, ufa ndi nkhuni zomwe zimalembedwa m'kope pamaliro n'kuwerengedwa pagulu zimatchedwa chipepeso, komanso zomwe munthu amapereka pabwalo la amfumu mbuzi zake zikadya chinangwa cha mnzake zimatchedwa chipepeso. Kwina palibe wolakwa, kwinaku alipo, koma konse kuwiri cholinga n'chimodzi, kuziziritsa mtima wa wopwetekedwayo.

Pa kalembedwe, vuto lalikulu kwathu kuno ndi h. Ku Dwangwa, komwe minda ya nzimbe idasonkhanitsa anthu ochokera m'zigawo zonse, mumamveka phepani wa Chitumbuka, ndipo ena amamulemba choncho pa WhatsApp ngakhale uthenga wonse uli m'Chichewa. M'Chitumbuka n'zolondola, koma m'Chichewa p wa mawuwa alibe mpweya, ndipo h si wokongoletsera chabe, monga tikuonera pa kuponya ndi kuphonya, kapena kupala ndi phala. Malamulo a kalembedwe omwe Bungwe la Chichewa lidatulutsa mu 1973 n'kuwakonzanso mu 1990 amasiyanitsa malembo amenewa. Enanso amalemba kupepetsa potsatira aneni ngati kudyetsa ndi kuonetsa, pamene mawu odziwika ndi kupepesa, opanda t.

Chondiwawa n'chakuti zonsezi sizitenga nthawi kufotokoza, koma m'kalasi timangothamangitsidwa kuti silabasi ithe. Aphunzitsi amalemba pabolodi mndandanda wa mifuwu, mawu aja ongosonyeza mmene munthu wamvera mumtima, ife n'kukopera, belu n'kulira, ndipo ukafunsa amati za mayeso ndi zomwezo. Sindikuwanyoza, popeza kalasi ndi lodzaza ndipo mabuku a nkhani za mchezo ndi zolembedwa akudikira, komabe nthawi yofunsa chifukwa chake imasowa, makamaka kwa ife amene tikaweruka timakathandiza kumunda wa mpunga.

Pali malo amodzi pomwe njira yangayi ikuoneka ngati ikutsimphina. Munthu akafika pasiteji n'kunena kuti, "Pepani bambo, kodi minibasi ya ku Salima yanyamuka?" palibe wopwetekedwa, palibenso mtima wofunika kuziziritsa, ndipo pepani ameneyu akugwira ntchito yofanana ndi zikomo wopemphera njira. Kapangidwe kake n'ka mneni ndithu, koma ntchito yake m'chiganizocho ikufanana ndi ya mfuwu. Funso lotere likadzabwera pamayeso mwina ndidzalemba mneni, ngakhale dzanja lidzayamba lazengereza.